Ndalama za Boma ndi Kukula kwa Zigawo za Malawi

Pamene dziko la Malawi linkalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, chuma chake chidali chitaunjikana kumbali imodzi. Gawo lalikulu la njanji, la mafakitale ndi la mabanki, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, bwalo la ndege la Chileka ndiponso likulu la boma ku Zomba, zonsezi zidali m'Chigawo cha Kumwera. Munthu wochokera ku Chitipa kapena ku Mchinji wofuna ntchito ya malipiro adayenera kutsika kunka ku Blantyre, ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapenanso kudutsa malire kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Kusiyana kumeneku sikudachitike mwangozi, komanso sikudabwere chifukwa cha nthaka ndi mvula zokha ayi. Gawo lalikulu lidachokera ku zosankha za boma pa nkhani ya komwe ndalama zake ziyenera kupita.

Boma la atsamunda lidakhazikitsa likulu lake ku Zomba m'chaka cha 1891, pafupi ndi minda ya azungu amene adali atayamba kale kulima khofi m'mapiri a Shire. Msonkho wa nyumba unkatoleredwa m'maboma onse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga, koma ukafika m'thumba la boma unkagwira ntchito makamaka kumene kudali azunguwo. Chitsanzo chomveka bwino ndi njanji. Njanji yoyamba idalumikiza Blantyre ndi Port Herald, komwe tsopano ndi ku Nsanje, m'chaka cha 1908. Cholinga chake chidali kutulutsa katundu wa m'maesiteti. M'chaka cha 1935 mlatho waukulu wa pa Zambezi, wautali makilomita oposa atatu ndi theka, udatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho njanji idafika ku Salima. Mlathowo udamangidwa m'dziko la Apwitikizi, zitsulo zake zidagulidwa ku Britain, koma ngongole yake idasenzetsedwa dziko losauka la Nyasaland. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail adasonyeza kuti ngongole za njanjizi zidameza ndalama zomwe zikadamanga misewu, sukulu ndi zipatala, ndiponso kuti mitengo yokwera yonyamulira katundu idalepheretsa alimi wamba kupindula ndi njanjiyo. Ndalama zidatuluka zochuluka ndithu, koma mlimi wa chimanga wa ku Ntcheu sadaone kusintha kolingana ndi kuchuluka kwake.

Kumpoto ndiye kudasiyidwa kutali zedi, kotero kuti atsamunda eni ake adakupatsa dzina lachipongwe lotanthauza chigawo chakufa. Chodabwitsa n'chakuti chigawo chomwechi chidali patsogolo pa maphunziro chifukwa cha sukulu za mishoni ya Livingstonia. Koma popeza kudalibe misewu yodalirika, misika kapena mafakitale, ophunzirawo adakhala akalaliki, aphunzitsi ndi akapitawo m'madera ena ndi m'mayiko ena. Chigawo chidaphunzitsa ana ake, phindu la maphunzirowo n'kukadyedwa kwina. Ngakhale sukulu za sekondale zidatsata njira yomweyo: ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ya ku Zomba mu 1942, ya Dedza mu 1951, ndipo ya boma ya ku Mzuzu idadza kumapeto kwenikweni kwa zaka za m'ma 1950.

Dr Hastings Kamuzu Banda ankakonda kunena kuti maganizo osamutsa likulu adawalota ali m'ndende ya Gwelo, komwe adatsekeredwa kuyambira mu 1959 mpaka mu 1960. Maloto ena adali omanga yunivesite ndiponso msewu wotsata gombe la nyanja. M'chaka cha 1965 boma lidagamula kuti likulu lichoke ku Zomba lipite ku Lilongwe. Zifukwa zimene zidaperekedwa zidali zomveka. Zomba ndi mzinda wopanikizika m'tsinde mwa phiri, wopanda malo okwanira okulirapo. Lilongwe ali pakati pa dziko, pachigwa chachonde chimene chidali chitatchuka kale ndi fodya ndi mtedza kuyambira zaka za m'ma 1920. Koma chifukwa chachikulu chidali chakuti likulu latsopano likokere chitukuko ku Chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto. Otsutsa sadalephere kuona kuti Chigawo cha Pakati chidalinso kwawo kwa mtsogoleriyo, amene adabadwira ku Kasungu, ndipo n'kovuta kukana kuti ndale zidalowapo.

Vuto lidali ndalama. Pa nthawiyo boma la Malawi silinkatha ngakhale kulipira ntchito zake za tsiku ndi tsiku popanda thandizo la Britain, ndipo Britain adakana kulipira ntchito yomanga likulu, ati dziko losauka lili ndi zosowa zina zofunika msanga. Dr Banda adatembenukira ku boma la tsankho la South Africa. Ubale wa ukazembe udakhazikitsidwa mu 1967, ndipo mu 1968 South Africa adapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni yoyambira ntchitoyo. Chaka chomwecho bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa kuti liyendetse zomangamanga. Akuluakulu adati walira mvula walira matope: ndalamazo zidabwera limodzi ndi chitonzo, pakuti mayiko ambiri a mu Africa adaona Malawi ngati dziko lomwe lagulitsa abale ake opanikizidwa. Komabe ntchito idapitirira, ndipo Lilongwe adakhala likulu m'chaka cha 1975.

Kuti munthu amvetse zimene zidachitika ku Lilongwe, ayenera kutsata ulendo wa kwacha imodzi yotuluka m'thumba la boma. Boma likalipira mmisiri womanga maofesi a ku Capital Hill, mmisiriyo amalipira nyumba ku Kawale, amagula ufa ndi ndiwo mumsika, amasoketsa malaya kwa telala. Mwini nyumba naye amagula malata, mayi wogulitsa ndiwo amakapikula tomato kwa mlimi wa ku Mitundu, telala amalemba mnyamata womuthandiza. Motero kwacha imodzi ija imadyetsa mabanja angapo isanathe mphamvu. Akatswiri a zachuma amati ndalama ya boma imadzichulukitsa ikamazungulira. Koma kuzungulira kumeneku kuli ndi malire ake. Ngati chinthu chogulidwacho chapangidwira kwina, ndalamayo imatuluka m'deralo nthawi yomweyo, ngati madzi othiridwa mudengu. Simenti yambiri yomangira Lilongwe inkachokera ku fakitale ya ku Blantyre, miyala yake ikukumbidwa ku Changalume pafupi ndi Zomba. Zitsulo, magalasi ndi makina zinkachokera kunja. Choncho ntchito yomwe cholinga chake chidali kuchepetsa mphamvu za Blantyre idalemeretsanso amalonda a ku Blantyre komweko.

Chinanso n'chakuti ntchito yomanga imatha. Chimene chidapangitsa kuti Lilongwe asafote amisiri atachoka ndicho malipiro a mwezi ndi mwezi a anthu ogwira ntchito m'boma, pamodzi ndi zinthu zina zimene boma lidaonjezera pang'onopang'ono. Chipatala chachikulu cha Kamuzu chidatsegulidwa mu 1977. Njanji idachoka ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979 ndipo idapitirira mpaka ku Mchinji mu 1980, ndi thandizo la dziko la Canada. Bwalo la ndege la ku Lumbadzi lidayamba ntchito mu 1983. Ku Kanengo kudapatulidwa malo a mafakitale, kumene kudamangidwa nkhokwe zazikulu za chimanga, msika wa okushoni wa fodya ndi mafakitale okonza fodyayo. Apa ndi pamene ndalama za boma zidakumana ndi chinthu chimene anthu a m'deralo ankapanga kale. Mlimi wa fodya wa ku Dowa kapena ku Kasungu sadafunikenso kutumiza mabelo ake ulendo wautali wa ku Limbe.

Zotsatira zake zikuoneka m'kalembera. Mu 1966 Lilongwe adali ndi anthu pafupifupi 19,000, chiwerengero chofanana ndi cha Zomba, pamene Blantyre adali ndi anthu oposa 100,000. Pofika mu 1977 anthu a ku Lilongwe adali atayandikira 99,000, ndipo mu 1987 adapitirira 220,000. Kalembera wa 2008 ndiye adapeza kuti Lilongwe wapitirira Blantyre kwa nthawi yoyamba. Zomba, amene adayamba mpikisano ali phewa ndi phewa ndi Lilongwe, adali asanafike pa 50,000 mu 1987. Ndipo akadafota kuposa apo boma likadapanda kumutonthoza posamutsira kumeneko Chancellor College mu 1973 ndi kusiyako Nyumba ya Malamulo mpaka mu 1994. Mizinda iwiriyi ikuonetsa poyera mphamvu ya thumba la boma: kumene lidatsegukira kudasefukira anthu, kumene lidachepetsa kudachita bata.

Koma kuchuluka kwa anthu si chitukuko pakokha. Mzindawu udajambulidwa motsanzira mizinda ya anthu a magalimoto, madera ake otalikirana, olekanitsidwa ndi nkhalango. Midzi yambiri idasamutsidwa kuti ipereke malo. Anthu amene adakokedwa ndi mbiri ya likulu adachuluka kuposa nyumba ndi ntchito zomwe zidakonzedwa, ndipo ambiri adakamanga ku Mtandire, ku Mgona, ku Chinsapo ndi ku Kauma, kumene mapulani a amisiri sadafikeko. Blantyre naye sadagonje. Malikulu a mabanki a zamalonda ndi makampani akuluakulu adakhalabe kumeneko, ndipo Dr Banda mwini wake ankakhala nthawi zambiri ku nyumba ya Sanjika ku Blantyre, ngakhale kuti boma lidawononga ndalama zosaneneka pomanga nyumba ina yachifumu ku Lilongwe. Maofesi ena a boma adachita kudikira mpaka ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, umene udayamba mu 2004, kuti asamuke.

Ndalama za boma sizidathere mumzinda mokha. M'chaka cha 1968 ntchito yaikulu yotukula ulimi idayambika m'chigwa cha Lilongwe ndi ngongole ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Misewu ya m'midzi idalambulidwa, mijigo idakumbidwa, migula yoteteza nthaka idakonzedwa, misika idamangidwa, alangizi adachulukitsidwa, ndipo alimi ankalandira ngongole ya feteleza ndi mbewu. M'dera lomweli ndimo mudayesedwa kalembera wa malo a mabanja amene anthu amamutcha ndunda. Ntchito zofanana nazo zidakhazikitsidwa m'chigwa cha Shire, makamaka za thonje, m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi thandizo la West Germany, ndiponso ku Karonga mu 1972, kumene mpunga wothirira udalimbikitsidwa m'masikimu monga a Lufira, Wovwe ndi Hara. Ntchito zinayizi zidasiya misewu ndi madzi abwino zimene anthu adapindula nazo kwa zaka zambiri. Koma zokolola za chimanga pa ekala sizidakwere monga momwe okonza mapulani ankayembekezera, ndipo zidali zodula kwambiri moti sikukadatheka kuzifalitsa m'dziko lonse. N'chifukwa chake mu 1978 boma lidasintha njira n'kuyamba ndondomeko ya chitukuko cha m'midzi ya dziko lonse, imene idagawa Malawi m'zigawo zisanu ndi zitatu za ulimi, ndalama zochepa zikumwazidwa pamalo aakulu.

Funso loti n'chifukwa chiyani alimi sadalemere ngakhale boma lidathira ndalama zambiri m'madera mwawo lili ndi yankho lowawa. Dzanja limodzi linkapereka, lina likulanda. Bungwe la ADMARC, limene lidalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, ndilo lokha linkaloledwa kugula fodya ndi thonje kwa alimi ang'onoang'ono. Linkagula pamtengo wotsika n'kukagulitsa pamtengo wokwera, ndipo phindu lalikulu lidalowa m'maesiteti ndi m'makampani, ambiri a iwo a anthu oyandikana ndi ulamuliro, kuphatikizapo kampani ya Press. Malamulo adaletsanso mlimi wamba kulima fodya wa bale, amene adali ndi ndalama zambiri, mpaka mu 1990. Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, polemba mu 1982, adasonyeza kuti kukula kwa chuma kumene Malawi ankatamandidwa nako m'zaka za m'ma 1970 kudalipiridwa ndi alimi ang'onoang'ono. Chigawo cha Pakati chidakuladi, maesiteti a fodya adadzadza ku Kasungu ndi ku Mchinji, koma anthu ambiri adalowa m'chuma chimenechi ngati matenanti ndi aganyu, osati ngati eni. Munthu wowerenga mabuku a boma okha angaone ndalama zolowa m'chigawo. Sangaone zotuluka kudzera pa sikelo ya pamsika.

Komabe ADMARC yomweyo idali ndi mbali ina imene otsutsa amaiwala. Inkagula ndi kugulitsa pamtengo umodzi m'dziko lonse. Mlimi wa ku Chitipa ankalandira mtengo wofanana ndi wa mnzake wa ku Lunzu, ngakhale kuti kunyamula thumba lake kudali kodula kwambiri. Ili lidali thandizo lobisika kwa madera akutali, losalembedwa paliponse ngati chitukuko cha chigawo, koma lofika pakhomo pa mlimi kuposa nyumba zosanja za ku likulu.

Nanga Kumpoto kudapindulanji? Chiyembekezo chidali chakuti likulu likasendera chakumpoto, chitukuko chidzadontherera mpaka ku Rumphi ndi ku Karonga. Izi zidachitika pang'ono chabe. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 350, ndipo kuzungulira kwa kwacha ya mmisiri wa ku Capital Hill sikufika kutali chotero. Ntchito yaikulu koposa imene boma lidaika m'chigawochi idali nkhalango ya paini ya ku Viphya, imene anthu amaidziwa ndi dzina loti Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000. Mitengoyi idabzalidwa kuti idyetse fakitale yopanga zipangizo za mapepala imene idayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo sidamangidwe. Ndalama zake zidasowa, ndipo padalinso mantha akuti zonyansa zake zingaononge nyanja ndi nsomba. Mitengo idakula, idakhwima, n'kumangodikira. Pambuyo pake idathera ku macheka a ocheka matabwa ndi ku moto wolusa, ndipo matabwa ambiri adatuluka m'dziko osakonzedwa. Chikangawa ndi umboni wakuti kukula kwa ndalama zoikidwa m'dera sikulonjeza kanthu ngati ntchitoyo yaima pakati.

Chimene chidathandiza Kumpoto kwambiri chidadza chifukwa cha tsoka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mitengo ya mafuta idakwera, chiwongoladzanja cha ngongole zakunja chidakweranso, ndipo chilala cha 1980 chidaonjezera mavuto. Kenaka nkhondo ya ku Mozambique idadula njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, imene idali itangotsegulidwa mu 1970. Pofika mu 1984 katundu wambiri wa Malawi ankayenda pamsewu ulendo wa makilomita oposa 3,000 kupita ku Durban. Apa m'pamene boma ndi mayiko othandiza adakumbukira kuti dziko lili ndi khomo lina kumpoto. Msewu wolumikiza Karonga ndi malire a Tanzania pa Songwe udakonzedwa, doko la Chilumba lidakuzidwa, ndipo malo osungira katundu wa Malawi adamangidwa ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam. Magalimoto a mafuta adayamba kudutsa ku Karonga ndi ku Mzuzu, malonda a m'malire adakula, ndipo Mzuzu, amene adayamba ngati kamudzi ka antchito a munda wa mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, adakwezedwa kukhala mzinda mu 1985. Msewu umene zaka zambiri za madandaulo zidalephera kubweretsa udabwera chifukwa dziko lonse lidausowa.

Zaka zomwezo zidaonetsanso chimene chimachitika boma likamanga thumba. Kuyambira mu 1981 Malawi adalowa m'ndondomeko zokonzanso chuma zimene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi bungwe la IMF adaika ngati mfundo zoperekera ngongole. Boma lidauzidwa kuchepetsa ndalama zimene limagwiritsa ntchito, kuchotsa thandizo la pa mtengo wa feteleza ndi kulola amalonda wamba kugula mbewu. Mu 1987 misika yambiri ya ADMARC yosapindulitsa idatsekedwa. Kuchepetsaku sikudagwe mofanana ponseponse. M'madera oyandikana ndi mizinda ndi misewu ya tala amalonda adafika msanga. M'madera akutali, kumene galimoto imatha tsiku lathunthu m'matope, amalonda sadafike, kapena adafika mmodzimmodzi n'kumatchula mtengo umene afuna. Misewu ya m'midzi imene idalambulidwa m'zaka za m'ma 1970 idakumbika posowa ndalama zoikonzera, mijigo idafa, nyumba za alangizi zidasanduka mabwinja. Kumanga kudali ndi mwini wake, amene adali wobwereketsa wakunja. Kusamala zomangidwazo kudatsalira boma lomwe ndalama zake zambiri zinkapita kukabweza ngongole. Mtolo wa ngongolewu udapepuka mu 2006, pamene gawo lalikulu la ngongole zakunja za Malawi lidakhululukidwa.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, nkhani ya kagawidwe ka ndalama za boma idatuluka poyera, pakuti chisankho cha chaka chimenecho chidaonetsa kuti anthu ambiri adavota motsata zigawo. Chigawo chilichonse chidayamba kuwerenga misewu, sukulu ndi zipatala za chinzake. Kumpoto kudalandira zinthu ziwiri zimene kudazidikira nthawi yaitali: Yunivesite ya Mzuzu, imene idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, ndi chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chidatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la Taiwan. Zonse ziwiri zidachita ku Mzuzu zimene maunduna adachita ku Lilongwe, kungoti pamlingo wochepa: malipiro okhazikika, ophunzira ofuna malo ogona, odwala ndi owadikirira ofuna chakudya, ndipo pambuyo pawo amalonda ndi omanga nyumba. Msewu wa tala wochoka ku Karonga kupita ku Chitipa, umene maboma otsatizana adaulonjeza pa misonkhano yosawerengeka, udamalizidwa ndi thandizo la China ufulu wodzilamulira utayandikira zaka makumi asanu.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 989,000 mumzinda wa Lilongwe, 800,000 ku Blantyre, 221,000 ku Mzuzu ndi 105,000 ku Zomba. Chigawo cha Kumwera, chimene mu 1966 chidali ndi anthu opitirira pang'ono theka la dziko lonse, chidatsika kufika pa anthu 44 mwa 100 alionse, pamene Chigawo cha Pakati chidakwera kuchoka pa 36 kapena 37 kufika pa 43. Gawo la Kumpoto lidasuntha pang'ono kwambiri m'zaka makumi asanu ndi ziwirizo, kuchoka pa 12 kufika pa 13.